Kodi Kusunga Mwambo wa Makolo N'kutani?

Pali mlandu umodzi umene sunathe pa bwalo lililonse la pansi pano, ndiwo mlandu wa akulu ndi ana awo pa za mwambo. Akulu ati, Makolo athu anachita chotere, ndipo anakhala ndi moyo. Ifenso tichite chomwecho. Ana ayankha nati, Dziko lasandulika, ndipo za akale zinapita ndi eni ake. Mlandu uwu ubuka pa maliro ndi pa ukwati, koma ukula koposa pa munda, pakuti pamenepo wolakwa sachita manyazi okha, koma agonanso ndi njala. Ndipo chimene chiuvutitsa ndi ichi, chakuti onse awiri anena zoona pang'ono, ndipo onse awiri aphonya pang'ono.

Mwezi uno tifuna kuusinkhasinkha mlanduwu poyang'ana munda umodzi wa kutali, ndi banja limodzi limene laulima zaka zoposa 100. Ndi munda wa mpesa, ndipo chotulukamo ndi vinyo wofiira. Tidziwa kuti ambiri a inu simumwa vinyo, ndipo sitilemba kuti tikope munthu ayambe kumwa. Kuipa kwa kuledzera mukudziwa kale, ndipo sikuchepa chifukwa chakuti chakumwacho chachokera ku Ulaya. Koma mpesa uli ndi khalidwe limodzi limene liuyenereza kukhala mphunzitsi pa nkhani yathu, ndilo lakuti ndi mtengo wochedwa. Chimanga mubzala ndi mvula yoyamba, nimukolola isanathe miyezi isanu ndi umodzi. Mpesa uyamba kubala chaka chachitatu, zipatso zake zokoma koposa zidza utakula msinkhu, ndipo ukhoza kukhala ndi moyo zaka 100. Wobzala mpesa abzalira ana ake, ndipo wotchera mphesa atchera za atate wake. Potero m'munda wotere funso la mwambo silithawika.

Munda ndi eni ake

Kumwera kwa dziko la France kuli mtsinje waukulu dzina lake Rhône, umene uthira m'nyanja ya Mediterranean. M'mbali mwake muli mzinda wa Avignon, kumene apapa a ku Roma anakhala kuyambira 1309 kufikira 1377. Mmodzi wa iwo, Papa John XXII, anamanga nyumba ya malinga pa chitunda cha mudzi wina kumpoto kwa mzindawo, ndipo mudziwo lero utchedwa Châteauneuf-du-Pape, ndiko kunena linga latsopano la papa. Dziko lake ndi louma, lotentha kwambiri m'malimwe. Minda yambiri yakutidwa ndi miyala yobulungira yosalala, imene madzi anaikunkhuniza masiku akalekale, ina yonga nkhonya, ina yonga mutu wa mwana. Kotero kuti mlendo poiona ayesa kuti pano sipangamere kanthu. Komatu pansi pa miyalayo pali dongo losunga chinyezi, ndipo miyala itchinjiriza nthaka kuti isaume msanga. Kulinso mphepo yamphamvu ya kumpoto, yotchedwa mistral, imene iomba masiku ambiri a chaka. Chifukwa chake mipesa yambiri aidulira kuti ikhale yaifupi ngati zitsamba, ingathyoke.

M'chigawo chomwechi, pafupi ndi mudzi wa Courthézon, muli munda wotchedwa Château de Beaucastel. M'chaka cha 1909 anaugula munthu wina dzina lake Pierre Tramier, ndipo pambuyo pake unapita m'manja mwa mkamwini wake, Pierre Perrin. Iyeyu anasiyira mwana wake Jacques Perrin, amene anaulima kufikira imfa yake mu 1978. Ana ake awiri, Jean-Pierre ndi François, anatola khasu pamene atate wawo analisiya, ndipo ana a iwowa, ndiwo mbadwo wachisanu, analowanso ntchito yomweyo. Tiyeni tsono tione zinthu zitatu za m'mundamo: muyeso wa vinyo wake, mizu ya mipesa yake, ndi kalimidwe ka nthaka yake.

Muyeso umene sukhazikika

Alimi a chigawochi anadzilembera okha malamulo a ntchito yawo mu 1923, powatsogolera Baron Pierre Le Roy, ndipo boma linawakhazikitsa mu 1936. Malamulowo analola mitundu 13 ya mphesa, ndiyo iyi: Grenache, Mourvèdre, Syrah, Cinsault, Counoise, Vaccarèse, Muscardin, Terret noir, Picpoul, Picardan, Clairette, Bourboulenc ndi Roussanne. Alimi ambiri abzala itatu kapena inayi yokha, ndipo Grenache ndiyo ichuluka. A ku Beaucastel adziwika chifukwa abzala yonse 13, naisanganiza m'vinyo wawo wofiira, ngakhale ina mwa iyo ndi mphesa zoyera.

Nanga adzivutitsiranji chotero? Chifukwa mtundu uliwonse uli ndi mphatso yake, uli nachonso chilema chake. Grenache ipirira chilala, nizuna kwambiri, nipatsa vinyo mphamvu. Koma nyengo ikaipa pamene ichita maluwa, maluwawo ayoyoka, ndipo phava lituluka la mphesa zowerengeka. Mourvèdre ili ndi khungu lochindikala, ndipo ndiyo ithandiza vinyo kukhala zaka zambiri osaonongeka; koma ichedwa kupsa, kotero kuti chaka chozizira ivuta. Syrah ipsa msanga, nipatsa vinyo maonekedwe ake ofiira kwambiri. Counoise ndi yopepuka, ndipo ili ndi kafungo konga ka tsabola. Chimene mtundu wina usowa, unzake uli nacho; mutu umodzi susenza denga.

Pa nyengo yotchera, ndiyo September ndi October, mtundu uliwonse autchera pa nthawi yake, nauwiritsa paokha. Vinyo atatha kuwira, eni munda alawa wa mtundu uliwonse, nayesa kusanganiza, kufikira apeza chimene afuna. Pamenepo authira m'migolo yaikulu ya matabwa kuti akhwime. Kawirikawiri pa magawo 100, ngati 30 ndi a Grenache ndi 30 a Mourvèdre, ndipo Syrah ndi Counoise zitsatira, ndi ina yonse pang'onopang'ono.

Tanena kuti kawirikawiri, ndipo pa mawu amenewa pagona phunziro loyamba. Muyesowo sukhazikika. Chaka chotentha Grenache izuna mopitirira, ndipo afunika kuiziziritsa ndi mitundu yopepuka. Chaka chimene maluwa a Grenache anayoyoka, mitundu ina isenza katundu wake. Mwana wa m'banjamo akadati, Atate anathira magawo akutiakuti, inenso ndithira omwewo chaka ndi chaka osalawa, vinyo wake akadasiyana ndi wa atate wake chaka chilichonse, pakuti dzuwa ndi mvula sizibwereza. Kuti vinyo akhale yemweyo, muyeso uyenera kusintha.

Amayi adziwa ichi bwino. Ufa wa chaka chino si wa chaka chatha, ndi wa mgaiwa si woyera. Ndipo mtsikana amene angowerenga manja a ufa monga anaonera amake, osamva kulemera kwa mthiko, adzaphika nsima yosiyana ndi ya amake. Chimene amake anamphunzitsa si chiwerengero cha manja, koma kudziwa nsima yabwino. Momwemo chimene atate wa m'munda wa mpesa asiyira mwana wake si muyeso wolembedwa, koma lilime lozindikira, ndi chithunzi cha chinthu chabwino chimene onse awiri achifunafuna.

Muzu wachilendo

Kapena wina adzati, Kusintha muyeso ndi kanthu kakang'ono. Mitengo ikhalabe ya makolo. Tamvani tsono za tsoka limene linagwera mitengoyo.

Cha m'ma 1863 alimi a ku Pujaut, tsidya lina la mtsinje wa Rhône, pafupi ndi Châteauneuf, anaona mipesa yawo ichita chikasu, nifota, nifa, osadziwa chifukwa chake. Mu 1868 mphunzitsi wa za zomera wa ku Montpellier, Jules-Émile Planchon, pamodzi ndi anzake, anakumba pansi pa mipesa yodwala, napeza tinsabwe tating'ono tachikasu tilikuyamwa mizu. Kachilomboko kanatchedwa phylloxera, ndipo kanachokera ku America pa mipesa imene anthu anaitanitsa kumeneko. Kanayenda chigawo ndi chigawo, kotero kuti vinyo wa dziko lonse la France mu 1889 sanafike limodzi la magawo atatu a vinyo wa mu 1875. Mabanja ambiri anasiya minda yawo, namuka kukafuna ntchito kwina.

Anayesa njira zambiri. Ena anamiza minda yawo m'madzi nyengo yachisanu, ena anathira mankhwala aululu m'nthaka, ndipo boma linalonjeza mphotho ya mafranc 300,000 kwa iye amene akapeza mankhwala ake. Koma chipulumutso chinachokera kumene kunachokera nthendayo. Mipesa ya kuthengo ya ku America inakhala pamodzi ndi kachilomboko kuyambira kale, ndipo mizu yake siifa nako. Koma mphesa zake sizinapange vinyo wokomera anthu a ku France. Potero anzeru anati, Tidule nthambi ya mpesa wathu, tiimezanitse pa tsinde la wa ku America, kuti muzu ukhale wachilendo, ndi chipatso chikhale chathu.

Ambiri anakana. Anati muzu wachilendo udzaipsa kukoma kwa mphesa za makolo, ndipo anafunsa kuti, Dziko limene latipatsa nthenda lingatipatse bwanji mankhwala? M'chigawo cha Burgundy kumezanitsa kotere kunaletsedwa kufikira 1887. Anthu amenewa sanali opusa. Anakonda cholowa chawo, naopa kuchidetsa. Koma mipesa yawo inafabe. Ndipo lero pafupifupi mpesa uliwonse wa ku France uima pa muzu wa ku America, ndi mphesa zake ndi Grenache yomweyo ndi Syrah yomweyo imene makolo anaidziwa. Akulu athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Funsani tsono mumtima mwanu, Anasunga mpesa wa makolo ndani, iye amene anakana muzu wachilendo, kapena iye amene anaulandira? Wokanayo anasunga njira ya makolo, nataya mtengo wawo. Wolandirayo anasiya njira, nasunga mtengo. Pali kukhulupirika kwina kumene kupha chinthu chimene kuchikonda.

Chatsopano chimene anachikana

Achinyamata asafulumire kuomba m'manja, pakuti nkhani siinathe. Itatha nkhondo yaikulu yachiwiri mu 1945, zatsopano zina zinafika m'minda ya ku France: feteleza wa m'mafakitale, mankhwala opha tizilombo, ndi pambuyo pake mankhwala opha udzu. Tisaweruze msanga iwo amene anazilandira. Kupalira pakati pa miyala ndi ntchito yothyola msana, antchito analikuchoka m'midzi kunka ku mizinda, ndipo mankhwalawo anachitadi chimene analonjeza: udzu unafa, ndi zokolola zinachuluka.

Koma Jacques Perrin sanatsate njirayo. Kuyambira 1950 munda wa Beaucastel ulimidwa popanda feteleza wa m'fakitale ndi popanda mankhwala opha udzu. Udzu auchotsa ndi kulima, ndipo nthaka aidyetsa manyowa a ndowe za nkhosa zosanganiza ndi makoko a mphesa otsala pofinya. Maganizo a alimi otere ndi akuti nthaka ndi chinthu chamoyo, mokhala nyongolotsi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tiifewetsa ndi kusandutsa zoola kukhala chakudya cha mizu. Nthaka imene ikhala yambee chaka ndi chaka, yosalandira chilichonse choolerana, igwirana, niuma gwa, ndipo madzi a mvula angoyenda pamwamba pake. Kuonongeka kotere sikuoneka chaka choyamba kapena chachisanu. Kuoneka pamene wothira mankhwalayo wakalamba, ndi mwana wake ndiye alipira.

Tizindikire kuti masiku amenewo kunalibe mphotho ya kulima kotere. Chizindikiro cha boma la France chosonyeza zakudya zolimidwa popanda mankhwala a m'fakitale chinayamba mu 1985, ndi lamulo la maiko a ku Ulaya pa nkhaniyi linadza mu 1991. Jacques Perrin anali atamwalira kale. Iye anasenza ntchito yochuluka zaka zambiri, wogula osamuonjezera kanthu chifukwa cha iyo.

Anachitanso china. Itapita nthenda ija ya mizu, alimi ambiri a chigawocho anasiya Mourvèdre, popeza sinagwire bwino pa matsinde oyamba a ku America, ndiponso ichedwa kupsa. Nadzaza minda yawo ndi Grenache. Iye anabwerera ku mtundu wosiyidwawo, naubzala wambiri. Chotero m'munda umodzi tipeza zonse zitatu: chatsopano cholandiridwa, ndicho muzu, chatsopano chokanidwa, ndicho mankhwala, ndi chakale chotoledwanso, ndicho Mourvèdre.

Mwini mlandu wachitatu

Pano mpamene pali mtima wa nkhani yathu. Munthu akati, Zakale zonse nzabwino, muzu wa ku America umtsutsa. Akati, Zatsopano zonse nzabwino, nthaka youma gwa imtsutsa. Ukale wa chinthu kapena utsopano wake si muyeso konse. Nanga muyeso ndi uti?

Tiyesa kuti ndi uwu. Pa mlandu uja wa akulu ndi ana pali mwini mlandu wachitatu amene saitanidwa, ndiye mwana wosabadwa. Akulu anenera akufa, amene anathyola munda, nazula zitsa. Achinyamata anenera amoyo, amene ali ndi njala ya lero ndi ngongole za lero. Koma mdzukulu amene adzalima mundawo zitapita zaka 50 alibe pakamwa pa bwalo, ngakhale chigamulo chidzamgwera iye koposa onse. Ndipo tikamuika pakati, mlandu uyamba kumasuka. Muzu wachilendo unali wabwino chifukwa unamsungira iye mpesa. Mankhwala opha udzu anakanidwa chifukwa apeputsa ntchito ya lero, ndi kumsiyira iye nthaka yosauka. Mourvèdre inabzalidwanso chifukwa vinyo wake akoma zitapita zaka zambiri.

Ndipo taonani chodabwitsa: amene atumikira wosabadwayo ndiye amene amvera makolo koposa. Pakuti makolo pothyola munda analikuganiza za yani? Kodi si za ife, amene tinali tisanabadwe? Sanabzale mitengo yochedwa kuti ife tidzatsanzire kagwiridwe kawo ka khasu, koma kuti tidzadye. Mwambo weniweni ndiwo chikondi chimenecho cha kwa iwo akudza m'mbuyo. Njira zogwirira ntchito ndizo zotengera zake. Chotengera chikang'aluka, mwana wanzeru asamutsira madzi m'china, osakhala pansi kulirira mtsuko madzi alikutayika. Koma mwana wopusa aswa mtsuko wabwino chifukwa chakuti ndi wakale, asanadziwe ngati watsopanowo sudontha.

Pali cholowa chinanso chosaoneka ndi maso, ndicho dzina. Malamulo a chigawochi alamula kuti mphesa zitcheredwe ndi manja, kuti zoola ndi zosapsa zisankhulidwe, ndi kuti hekitala imodzi isatulutse vinyo woposa malita 3,500, ngakhale mpesa ukhoza kubala koposa pamenepo. Alimi anadzimanga okha chotero chifukwa anaona kuti munthu mmodzi wogulitsa chinthu chachabe pa dzina la mudzi adya mbiri ya anzake onse. Mu September 2002 mvula yoopsa inagwa m'chigawocho pa nyengo yotchera, mitsinje inasefukira, ndi mphesa zambiri zinaola. Ndipo eni minda ena otchuka sanagulitse vinyo wa chaka chimenecho pa dzina lawo lalikulu. Anataya ndalama za chaka chimodzi kuti asataye chikhulupiriro cha ogula, chimene agogo awo anachiunjika pang'onopang'ono, ndi chimene ana awo adzadyerapo. Dzina limangidwa ndi mibadwo, koma mbadwo umodzi ukwanira kuligumula.

Mawu a otsutsa

Sikuyenera kuti tibise zimene munthu woganiza bwino anganene potsutsa, ndipo zilipo zitatu.

Choyamba, adzati, Anthu awa ndi olemera. Vinyo wawo agulidwa pa mtengo waukulu m'maiko ambiri, ndipo kukana feteleza sikuwagonetsa ndi njala. Nanga wosauka wa ana asanu ndi kamunda kotopa? Mawu awa ndi oona, ndipo tiwavomereza. Mpesa ndi mtengo wokonda nthaka yosauka, ndipo ukadya kwambiri uchulutsa masamba ndi mphesa zamadzimadzi. Chimanga ndi chomera chanjala. Wina asawerenge nkhani iyi ndi kunena kuti tamuuza aleke feteleza m'munda wake wa chimanga. Tikadatero tikadachita cholakwa chomwecho chimene tilikutsutsa, ndicho kutsanzira njira osafunsa chifukwa chake. Ana amoyo ali ndi mlandu wawo, ndipo atate amene awamana chakudya chifukwa cha adzukulu osabadwa sanachite chilungamo. Chimene titenga ku mundawo si njira yake, koma funso lake. Ndipo funsolo wosauka akhoza kulifunsa monga wolemera, pakuti kukwirira mapesi m'malo mowatentha, ndi kusiya mtengo m'mbali mwa mtsinje, sikulira ndalama.

Chachiwiri, adzati, Kodi manja a alimi amenewa ndi oyera konse? Iyayi. Mdani wamkulu wa mpesa ndi chuku chimene chigwira masamba pa nyengo ya chinyezi, ndipo alimi okana mankhwala a m'fakitale aloledwa kupopera sulufule ndi mankhwala a mkuwa. Koma mkuwa suola. Uunjikana m'nthaka chaka ndi chaka, ndipo ukachuluka upweteka nyongolotsi zomwezo zimene afuna kuzisunga. Chifukwa chake kuyambira 2019 maiko a ku Ulaya anachepetsa muyeso wake kufika makilogalamu 28 pa hekitala m'zaka 7. Ndiponso a ku Châteauneuf athandizidwa ndi mphepo ija ya mistral, imene iumitsa masamba itagwa mvula, kotero kuti chuku sichiwavuta monga chivutira anzawo a m'zigawo za mvula yambiri. Mbali ina ya ukoma wawo ndi mphatso ya mphepo. Ichi chitiphunzitsa kudzichepetsa: amene njira yabwino yampepukira asanyoze mnzake amene yamlemera, ndipo asayese kuti iye mwini watsiriza kuphunzira.

Chachitatu ndicho cholemera koposa. Adzati, Kodi ndi chilungamo kumanga mwana ku munda umene sanausankhe? Atate abzala mitengo ya zaka 100, ndipo mwana abadwa ntchito yake itamdikira kale, ngakhale mtima wake uli kwina. Indedi cholowa chikhoza kusanduka goli, ndipo minda yambiri ya mabanja yagulitsidwa chifukwa abale anakangana, kapena chifukwa nkhalamba inakana kutula ulamuliro kufikira ana anatopa, nachoka. Kuyankha kwathu ndi uku: munthu amene afuna kuti ana asunge munda ayenera kuwapatsa mawu pa mundawo iye akali moyo. Kumbukirani kasanganizidwe ka vinyo kaja. Lilime lozindikira silipatsidwa pa tsiku la maliro; likula mwa kulawa pamodzi zaka zambiri, wamkulu nanena chimene akumbukira, wamng'ono nanena chimene amva, ndi wamkuluyo nalola nthawi zina kuti wamng'ono walondola. Mwana amene anangolamulidwa alandira katundu. Mwana amene anafunsidwa alandira cholowa. Ndipo akasankha njira ina ya moyo, asatembereredwe. Pakuti munda unalimidwa chifukwa cha ana, si ana anabadwa chifukwa cha munda.

Potsiriza

Mu 1989, zitapita zaka 11 chimwalirire Jacques Perrin, ana ake anapanga vinyo wapadera, wochuluka Mourvèdre, namutcha dzina la atate wawo. Ndipo ampanga zaka zokhazo zimene mphesa zakoma koposa. Mwini dzinalo sanamlawe. Ndimo mmene zikhalira ndi ntchito zambiri zabwino: wobzala ndi wina, wotchera ndi wina, ndipo sakomana.

Tsono inu akulu, pamene mwana adza ndi chinthu chachilendo, musafunse kokha kuti, Kodi makolo anatero? Funsani kuti, Makolo analikufuna chiyani pochita chimene anachita, ndipo kodi chatsopanochi chitifikitsa komweko? Kapena mudzapeza kuti ndi muzu umene udzapulumutsa mtengo wanu. Ndi inu achinyamata, pamene mkulu akaniza chinthu chimene chioneka chopepuka ndi chopindulitsa, musamuyese wotsalira msanga. Iye waona zaka zambiri, ndipo adziwa kuti zoipa zina zichedwa kuoneka. Mawu a akulu akoma akagonera. Funsani kuti, Phindu ili ndilandira ine lero, nanga ngongole yake adzalipira ndani?

Ndipo nonse awiri, pokhala pansi kukamba za munda, za mitengo ya m'dambo, za malire, kapena za dzina la banja lanu, siyani mpando umodzi wopanda munthu. Ndi wa mdzukulu amene simudzamuona nkhope. Iye sangathe kudzinenera, mumnenere ndinu.